Magenta ikufwifwa pakati pa ntchito: ndi inki kapena madzi?

Wophunzira pa GTO: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Tikusindikiza makalendala pa makina a offset, GTO ya mitundu iwiri, pepala la gloss. Poyamba magenta, inki yofiirira ija, imatuluka bwinobwino, koma ntchito ikafika pakati imayamba kufwifwa. Ndikatsegula makiyi owonjezera inki imabwerera pang'ono, kenako n'kufwifwanso, ndipo pano mapepala ayamba kudetsana kumbuyo akaunjikana. Abwana anagula densitometer ya kaunjika, ikungokhala mu kabati. Kodi kachipangizo kameneka kangandiuze ngati vuto ndi madzi onyowetsa puleti yosindikizira kapena inki? Kapena ntchito yake ndi kuwerenga mtundu basi?

Mkulu wa ku Limbe: Mwana wanga, chotsa kaye dzanja pa makiyiwo. Zimene wafotokozazi ndi madzi. Inki ikamwa madzi ambiri imafooka. Iwe poona kufookako ukuwonjezera inki, inki yambiriyo ikufuna madzi ambiri kuti puleti isade, ukuwonjezera madzi, inki n'kufookanso. Zili ngati wophika nsima wosazolowera, ufa pang'ono, madzi pang'ono, ufa pang'ono, mpaka poto kusefukira. Kudetsana kumbuyoko n'chifukwa choti inki yakhuthala pa pepala, komanso inki yodzaza madzi siuma msanga. Za kachipangizoko afotokoze ena, ine changa ndi tochi. Uwalitse puleti cham'mbali makina akuyenda, maso ako akhale mbali inayo. Pamalo opanda chithunzi pakamanyezimira kwambiri, madzi achuluka. Pamafunika kungowala mozizirira. Koma manja ndi malaya zikhale kutali ndi ma cylinder, taona anthu akusiya zala pamenepo.

Mayi wa Prepress: Akulu anena zoona pa za madzi, koma kachipangizoko musakasiye mu kabati achimwene. Ndiyambe ndi chimene sikachita: densitometer siona madzi. Imawalitsa nyali pa pepala n'kuwerenga kuwala kumene kwabwerera. Inki ikakhala yokhuthala imameza kuwala kwambiri, nambala n'kukwera. Ikalemba 1.00 ndiye kuti kwabwerera gawo limodzi mwa magawo 10. Ikalemba 1.30 kwabwerera pafupifupi 5 pa 100, ikalemba 2.00 kwabwerera 1 pa 100. Basi. Madziwo mumawagwira ndi mapazi ake, osati powaona. Muike color bar, mzere wa timabokosi toyezerapo mtundu, kumchira kwa pepala, yokhala ndi kabokosi kodzaza inki, ka madontho okuta 75% ya malo ndi ka 50%, ndipo muziwerenga tonse titatu. Mukangowerenga kodzaza kokha mudzapusitsidwa, chifukwa nambala yake mutha kuikweza pongothira inki pamene madontho opanga chithunzi akufa.

Wophunzira pa GTO: Amayi, madontho akufa bwanji? Ine ndimaona ngati nambala ikakwera ndiye kuti zakoma.

Mayi wa Prepress: Ayi. Tiyerekeze kabokosi kodzaza kakupatsani 1.50, ka 75% kakupatsani 0.90. Chotsani 0.90 pa 1.50, mutsala ndi 0.60, mugawe ndi 1.50, mupeza 40%. Imeneyo ndiyo print contrast, ikusonyeza kuti timipata toyera pakati pa madontho tikadali totseguka. Tsopano mwathira inki yambiri, kodzaza kafika 1.60 koma ka 75% kalumphira pa 1.10. Werengani: mupeza 31%. Nambala yoyamba yakwera, chithunzi chaipa. Nkhope za anthu zimayamba kuoneka zamatope, m'mithunzi simuonekanso kanthu. Inki ikadzaza madzi zimenezi zimafulumira, chifukwa dontho limafewa n'kumwazika m'mphepete. Densitometer zambiri zili ndi batani lowerengera zimenezi lokha, fufuzani pa menyu.

Mkulu wa ku Limbe: Masamu onsewa ine ndimawaona ndi kagalasi kokuza ka m'thumba kkkk. Ukayang'ana pa kabokosi kodzaza n'kuona timadontho toyera tamwazika m'katimo, ndi madzi amenewo, alepheretsa inki kugwira. Ukaona kutsogolo kwa malo odzaza inki (solid), mbali ya gripper imene makina amagwirira pepala, kuli mizere yofwifwa yolowa m'kati, ndi madzi. Madzi akachepa ndiye zimasiyana, pamalo oyera pamayamba kuda, kawirikawiri kuyambira m'mphepete mwa puleti.

Mphunzitsi wa Sayansi: Ine si wosindikiza, ndinalowa muno chifukwa cha timabuku ta sukulu timene ndimakasindikizitsa, koma nkhaniyi yafika pakhomo panga. Akulu a ku Limbe, mukudziwa kuti tochi yanuyo ndi chipangizo choyezera ndi kuwala? Puleti ya aluminiyamu si yosalala. Ku fakitale amaikhakhalitsa dala n'kuikutira ndi anodising, moti ukaiika pa microscope ndi timapiri ndi tizigwa tokhatokha, kuti madzi azigwira. Ikakhala youma, kuwala kukagunda timapiriti kumabalalika mbali zonse, n'chifukwa chake imaoneka yotuwa. Madzi akayamba kudzaza tizigwato, pamwamba pamasalala, kuwala kumabwerera mbali imodzi. Ndiko kunyezimira mukunenako. Anthu anangochotsa tochi n'kuika kanyali kokhazikika, kuchotsa diso n'kuika sensa mbali inayo pa ngodya yofanana. Sensayo imapereka nambala: kuwala kochuluka, madzi ochuluka. Madzi tikunenawa ndi ochepa zedi, pafupifupi micrometre imodzi kapena kucheperapo, pamene tsitsi la munthu ndi ma micrometre makumi angapo.

Mkulu wa ku Limbe: Ndiye aphunzitsi mwavomera kuti diso langa ndi makina. Zikomo.

Mphunzitsi wa Sayansi: Ndavomera theka kkkk. Diso limatopa, ndipo la inu ndi la mwana wanu wa pa GTO-yu siziona zofanana. Komanso njira ya kunyezimirayi ili ndi msampha umene umakola diso ndi sensa yomwe. Puleti ikayenda nthawi yaitali timapiri tija timaperepeseka, imayamba kunyezimira yokha ngakhale madzi ali ochepa. Mukasintha mtundu wa puleti, kukhakhala kwake kumasiyana, nambala ya dzulo siigwiranso ntchito lero. Ndipo madzi akangokwirira timapiri tonse, kaya muwonjezere bwanji, kunyezimirako sikusinthanso kwenikweni. Choncho imathandiza pa madzi ochepa, pa ochuluka imangoti "achuluka" osanena kuti ndi angati.

Njira yachiwiri ndi ya infrared, kuwala kumene diso siliona. Madzi amameza kuwala kumeneku pa utali wodziwika wa mafunde ake: pa 1.45, pa 1.94, ndipo koposa pafupi ndi 3 micrometre. Chipangizo chimatumiza kuwala kwa mitundu iwiri pa puleti, kwina kumene madzi amameza, kwina kumene sameza. Konse kumadutsa m'madzimo, kugunda aluminiyamu, kubwerera. Kukafika pa sensa, chimayerekeza kuwiriko. Kumene kwachepako n'kumene madzi adya, ndipo madzi akakhuthala amadya kwambiri. Kuwala kwachiwiriko ndi mboni, kuti fumbi la pa galasi kapena nyali yotopa zisanamize nambala. Pa madzi opyapyala ngati a pa puleti, cha pa 3 ndi pamene pamaoneka bwino chifukwa ndi pamene madzi amameza mwamphamvu.

Mekaniki wa Offset: Aphunzitsi mwafotokoza bwino, koma mu lab ndi pa makina ndi maiko awiri. Pakati pa ma unit pali nkhungu ya inki, pali ufa wa spray powder, pali kutentha. Kagalasi ka sensa kakhala koyera mpaka liti? Wina aziima n'kumapukuta. Chinanso, alcohol imene timathira m'madzi nayonso imameza infrared cha pomwepo pa 3, ndiye mlingo wake ukasintha nambala imasuntha. Ndipo sensa iyenera kudziwa nthawi yowerenga, pamene malo opanda chithunzi akudutsa, osati pa chithunzi kapena pa mpata wa cylinder. Pa GTO yakale ya kuno palibe amene angaike zimenezo. Ndalama yake bola kugula marola atsopano.

Mphunzitsi wa Sayansi: Sindikutsutsa akulu. Ndiwonjezerenso vuto lina: ukafuna kuyeza madzi amene ali m'kati mwa inki pa rola, inki yakuda imavuta chifukwa carbon black imameza kuwala kwa mtundu uliwonse, infrared yomwe. Ndimangofuna mnyamatayu adziwe kuti mafunso ndi awiri osiyana. Lina: pa puleti pali madzi ochuluka bwanji? Lina: inki yamwa madzi ochuluka bwanji? Tochi imayankha loyamba. Lachiwiri limaonekera pa pepala ndi pa marola.

Wophunzira pa GTO: Dikirani kaye. Inki imamwa madzi? Ine anandiphunzitsa kuti mafuta ndi madzi sizisakanikirana, n'chifukwa chake offset imatheka.

Mayi wa Prepress: Anakuphunzitsani chiyambi chake. Ndi nzeru ya Alois Senefelder, amene anayamba kusindikiza pa mwala wa laimu ku Munich mu 1796: pojambulidwa ndi mafuta pamagwira inki, ponyowa pamakana. Zoika bulangete la labala pakati pa puleti ndi pepala zinabwera cha mu 1904 ndi Ira Rubel ku America. Koma pa makina othamanga, marola a inki amadutsa pa puleti yonyowa pa kuzungulira kulikonse. Madziwo apite kuti? Inki yabwino imawameza ngati timadontho ting'onoting'ono n'kupitiriza kugwira ntchito. Inki yokaniratu madzi siingasindikize bwino, chifukwa madzi angakhale pamwamba pake n'kuitchinga. Vuto limabwera ikamwa kupitirira mphamvu yake. Opanga inki amayeza zimenezi mu lab, amasakaniza inki ndi madzi n'kumaika pa sikelo, njira yake imadziwika ndi dzina la Surland.

Mkulu wa ku Limbe: Ikafika pokhuta umaimva ndi khutu. Inki yabwino pa marola imalira mofewa, sssss. Yokhuta madzi imaunjikana kumapeto kwa marola, imataya kuwala kwake, ukaipala ndi mpeni wa inki imaduka msanga osakoka ulusi. Nthawi zina imabwerera mpaka kukadetsa marola a madzi. Ikafika pamenepo usavutike ndi makiyi. Imitsa, tsuka marola, yambanso.

Wa ku Joni: Moni nonse kumudzi. Ndimagwira pa Speedmaster, makina aakulu a offset, kuno ku Johannesburg, ili ndi Inpress Control. Imeneyi ndi spectrophotometer, chipangizo choyeza mtundu, yokhala m'kati mwa makina, imawerenga color bar mapepala akuthamanga n'kumasintha makiyi a inki yokha. Ndikuuzeni chimene anthu sakhulupirira: nayonso imagwa mu dzenje lomwelo la mnyamatayu. Imaona mtundu pa pepala, siona madzi pa puleti. Ukasiya madzi ali pamwamba, iyo ikaona magenta yafooka imatsegula makiyi, chifukwa ndi zimene inauzidwa. Ukakhala wogona umangodzidzimuka makiyi onse akwera, marola adzaza. Ndiye ife timayang'ana pa sikirini: makiyi akamakwera okha pamene ntchito ndi yomweyo, pepala ndi lomwelo, timadziwa kuti tikatsitse madzi. Makina a mamiliyoni, koma madzi timatsitsabe ndi chala mpaka puleti iyambe kuda pang'ono, kenako n'kukweza pang'ono.

Mkulu wa ku Limbe: Mwamva? Mpaka ku Joni.

Mayi wa Prepress: Akulu musasangalale msanga kkkk. Mwamvanso kuti akudziwa zoti makiyi akukwera chifukwa pali nambala yolembedwa? Inu mukadwala, kapena tsiku mudzapume pa ntchito, diso lanulo mudzamusiyira ndani? Kasitomala akabwera kuti mundisindikizirenso monga munachitira chaka chatha, mudzakumbukira kuti magenta inali pati? Ine ndatopa ndi kunenedwa kuti puleti zanga ndi zoipa pamene vuto lili pa makina. Ndikakhala ndi nambala ya dontho la 50% pa puleti ndi nambala yake pa pepala, mkangano umatha msanga.

Mkulu wa ku Limbe: Mayi, ine sindidana ndi nambala. Ndimadana ndi mwana amene akuyang'ana nambala makina akumulirira kumbuyo, iye osamva. Aphunzire zonse.

Wa ku Joni: Chinanso kwa amene mukutsata ISO 12647-2: muyezo umenewu umanena mtundu mu manambala a L*a*b* ndi kukula kwa madontho, osati density, nambala ya densitometer ija. Density ndi ya wogwira makina, yoti asunge zinthu pamalo amodzi. Ndipo musamakopere nambala za mnzanu musanafunse chipangizo chake. Chipangizo chotsata muyezo wa Status T, chofala ku America, ndi cha Status E, chofala ku Ulaya, zimasiyana kwambiri pa yelo. Pepala lomwelo china chilemba cha m'ma 1.0, china cha m'ma 1.3. Munthu wosadziwa amathira yelo mpaka kusefukira pofuna nambala ya mnzake.

Mayi wa Prepress: Eya, ndiponso muone ngati chili ndi polarising filter. Inki yonyowa imanyezimira, ikauma imakhakhala pang'ono n'kumabalalitsa kuwala, ndiye nambala imatsika, makamaka pa pepala la bond. Filter imachotsa kuwala kwa pamwambako kuti yonyowa ndi youma ziziwerengeka pafupifupi mofanana. Ngati chanu chilibe, musayerekeze pepala lotuluka kumene ndi la dzulo.

Wa Mabuku a Malisiti: Pepani ndilowerere. Bwanji osangojambula ndi foni n'kutumiza muno tione? Makamera a masiku ano ndi amphamvu.

Mayi wa Prepress: Foni imakonza mtundu yokha isanakuonetseni, ndipo WhatsApp imafinyanso chithunzicho. Mukajambula pepala limodzi pansi pa chubu ndi pa khomo, mupeza magenta ziwiri. Mtundu amaweruza pansi pa nyali ya D50, yofanana ndi kuwala kwa masana. Koma foni ili ndi ntchito imodzi yabwino: muigunditse pa kagalasi kokuza mujambule madontho. Maonekedwe a dontho sanama.

Mekaniki wa Offset: Ndibwezeni ku funso la mnyamatayu, chifukwa palibe amene wafunsa kuti n'chifukwa chiyani zimayamba bwino n'kuipa pakati. Ngati sakukhudza madzi, china chake chikusintha chokha. Choyamba kutentha. Mwezi wa October uno, m'chipinda cha malata, marola akatentha inki imafewa, ndipo yofewa imamwa madzi msanga. Madzi a fountain, onyowetsa puleti aja, amafunika ozizira, cha pa 10 mpaka 15 digiri, koma makina ang'onoang'ono ambiri kuno alibe chiller. Chachiwiri alcohol imauluka. M'mawa wathira mlingo wabwino, pofika masana yachepa, madzi sakuyalanso mopyapyala, puleti ikuyamba kuda, wogwira makina akukweza madzi. Ndi pomwe mpikisano uja umayambira. Chachitatu marola. Akauma kapena kukutidwa ndi calcium yochokera ku pepala ndi ku madzi olimba, sanyamula madzi mofanana, pakati pamauma m'mbali mukusefukira. Umakweza madzi chifukwa cha malo amodzi, puleti yonse n'kumira. Mnyamata, unayeza liti stripe, mzere umene marola amasiya akakhudza puleti? Ndipo madzi mukutunga pati, pa mpope kapena pa mjigo?

Wophunzira pa GTO: Pa mpope akulu, koma akasiya timatunga pa mjigo wa kuseri. pH, mlingo wa asidi m'madzi, ndimayeza ndi timapepala tija, imakhala cha pa 5.

Mekaniki wa Offset: pH ya 5 ili m'malo mwake, timafuna pakati pa 4.8 ndi 5.5. Koma isakugonetse. Mankhwala a fountain a masiku ano ali ndi buffer yoletsa pH kusintha, uthire ochepa uthire ambiri pH imangokhala pomwepo. Chimene chimaonetsa mlingo ndi conductivity, mmene madzi amadutsitsira magetsi. Kagule ka mita ka m'thumba, si kodula. Uyeze madzi okha, uyeze utasakaniza, ulembe. Madzi a pa mjigo nthawi zambiri amakhala ndi mchere wambiri kuposa a pa mpope, ndiye tsiku losintha gwero uziyamba wayeza. Pakati pa ntchito nambala ikakwera kwambiri kusiyana ndi ya m'mawa, madziwo ada, taya usakanize ena. Sensa ya infrared ngakhale utaipeza ingakuuze kuti madzi ndi ochuluka bwanji, koma siingakuuze kuti madziwo ndi oipa.

Wophunzira pa GTO: Ndabwera ndi nambala. Ndatulutsa densitometer, ndaika color bar monga ananenera amayi. Ntchito ili pakati, magenta yodzaza inali 1.28, ya 75% inali 0.95. Ndatsuka marola, ndayambanso ndi makiyi otsika, ndatsitsa madzi pang'onopang'ono mpaka m'mphepete mwayamba kuda, n'kukweza pang'ono. Pano yodzaza ikulemba 1.40, ya 75% ikulemba 0.88, ya 50% ikulemba 0.45. Chondidabwitsa n'choti inki ndatsegula yochepa kusiyana ndi kale koma nambala yakwera. Ndi tochi puleti ikungowala mozizirira.

Mayi wa Prepress: Ndawerengera. Poyamba print contrast inali 26%, pano ndi 37%. Dontho la 50% likutuluka cha pa 67% tikawerengera mwa njira ya Murray-Davies, kutanthauza kuti lakula ndi 17. Pa gloss ndi makina a msinkhu umenewo si zodandaulitsa. Nambala yakwera ndi inki yochepa chifukwa kale theka la ntchito ya marola linali kunyamula madzi. Funso limodzi: musanayeze munaika zero pa pepala loyera la ntchito yomweyo? Ngati ayi, masamu a dontho asokonekera.

Wophunzira pa GTO: Ndinaika amayi. Koma m'bokosi mwake muli kathailosi koyera ka calibration, kachita chikasu pang'ono m'mbali. Kali bwino?

Wa ku Joni: Kathailosi kameneko kakasintha mtundu, nambala zanu musaziyerekeze ndi za munthu wina kapena za m'buku. Komabe poyerekeza pepala la m'mawa ndi la masana pa makina anu omwewo chikugwirabe ntchito, chifukwa kulakwa kwake n'kofanana pa onse awiri. Musakapukute ndi blanket wash, kansalu kofewa kouma basi. Mukandiuza mtundu wa chipangizocho ndifunsa kuno ngati kathailosi kake kakupezeka.

Mkulu wa ku Limbe: Tsopano mwana wanga, usaganize kuti watha. Pepala limene lakomalo ulisainire, ulipachike pa tebulo, nambala uzilembe pomwepo. Uzitulutsa pepala pafupipafupi n'kumayeza malo omwewo, kumanzere, pakati, kumanja. Dzuwa likakwera uona zikuyamba kusuntha. Nambala ikatsika, dzanja lipite ku madzi kaye. Ndipo magetsi akazima makina n'kuima nthawi yaitali, paka gum pa puleti, ukamayambanso usadalire makonzedwe a m'mawa, marola azizira.

Mekaniki wa Offset: Ndipo stripe ija sunandiyankhe. Ngati kumanzere ndi kumanja kukusiyana ndi pakati pamene makiyi ali ofanana, si madzi okha. Makina ataima, tsitsa marola okhala ndi inki pa puleti youma, uwakweze, uone mzere umene asiya. Ukhale wofanana m'lifupi kuyambira mbali ino mpaka inayo, ndipo muyezo wake uli m'buku la makina. Ukaona wonenepa m'mbali, wowonda pakati, rola ameneyo watha. Ujambule mzerewo uli ndi rula pambali, utumize muno tione.